Kafukufuku akati njira yagwira ntchito koma pobwereza n'kukanika: kosaka vuto ndi kakonzedwe kake

Chaka ndi chaka kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kumabwera ophunzira a psychology ndi a zauphunzitsi kudzachita kafukufuku wa chaka chomaliza. Amatsika minibasi pa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa Chitakale, chikwama chili tho ndi mapepala a mafunso. Palinso anzathu a m'mabungwe ang'onoang'ono amene amafuna kudziwa ngati pulogalamu yawo ikusinthadi maganizo ndi khalidwe la anthu. Vuto limene ambiri amakumana nalo ndi limodzi. Ulendo woyamba manambala amatuluka okoma, njira yatsopano ikuoneka kuti yathandiza. Teremu yotsatira wina akabwereza zomwezo pasukulu yoyandikana, palibe chosintha. Nthawi zina zimathera mu ofesi momwemo, mphunzitsi woyang'anira ntchitoyo akangofunsa kuti, "Mwadziwa bwanji kuti ndi njira yanuyi yachititsa?" Wofufuza kukamwa yasa.

Funso limenelo si lovutitsa dala ayi. Munthu aliyense woyesa chinthu amakhala akunena kuti: ndasintha chinthu chimodzi chokha, ndipo kusiyana kumene mukuonaku kwabwera chifukwa cha chimenecho. Mawu amenewa amakhala oona pokhapokha ngati palibe china chimene chinasiyana pakati pa magulu. Mu 1963 Donald Campbell ndi Julian Stanley anaika pamodzi njira zimene chinachi chimalowera mu kafukufuku mwini wake osazindikira, ndipo mndandanda wawo ukuphunzitsidwabe mpaka lero. Ine ndiziyala monga zimaonekera kwathu kuno, chifukwa mabuku satchula chiperoni, phala la kusukulu kapena nyengo yothyola tiyi.

Kuti tisamayandame, tigwire chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mukufuna kudziwa ngati ana a Sitandade 7 amakumbukira bwino zimene awerenga akamatseka buku n'kumadzifunsa okha mafunso, kusiyana ndi kungowerenga mobwerezabwereza. Funso ndi labwino. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke mu 2006 anapeza kuti ophunzira a kuyunivesite ku America amene ankadziyesa chonchi ankakumbukira zambiri patatha sabata. Inu mukufuna kuona ngati zili chomwechonso kwa ana a ku Chonde.

Yambani ndi funso lakuti: magulu anagawa ndani?

Apa ndi pamene pamaonongekera kafukufuku wambiri, tsiku loyamba lenilenilo. Mwafika pasukulu, mwapereka kalata kwa a hedi, iwo akulandirani bwino n'kunena kuti, "Musavutike achimwene, ndikupatsani ana oti sakuchititsani manyazi." Akuitanirani ana khumi ndi asanu okhala kutsogolo, a makope okutira bwino. Otsalawo ndiye gulu loyerekezera, lija timati control group m'kalasi. Pakatha masabata anayi gulu loyamba lakhoza kwambiri. Koma linali lokhoza kale inu musanabwere. A hedi sanalakwe, anafuna kukuthandizani. Ku mudzi zimachitikanso chimodzimodzi: a mfumu amakupatsani anthu odziwa kuyankhula ndi alendo, a m'makomiti, amene amapezeka pa msonkhano uliwonse. Ngakhale mutati "ofuna akweze mkono", okweza mkonowo ndi anthu achidwi, ndipo chidwicho pachokha chimakweza malikisi.

Mankhwala ake ndi maere. Lembani mayina onse a ana amene makolo awo avomera, mupatse aliyense nambala, ndipo manambalawo muwagawe mwamwayi, kaya ndi timapepala topinda m'chipewa kaya ndi RAND ya mu Excel, imene imatulutsa manambala mwamwayi pa kompyuta. Ronald Fisher ndi amene analimbikitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1920 poyesa mbewu m'minda ya ku Rothamsted, ku England. Ubwino wa maere ndi wakuti amamwaza m'magulu onse awiri ngakhale zinthu zimene inu simunaziganizire: mwana wogona ndi njala, wosaona bwino pa bolodi, wokhala ndi mchemwali wake womuthandiza madzulo. Maere akagwa, agwa. Aphunzitsi akabwera n'kunena kuti "uyu ndiye mumuike ku gulu lophunziralo, akufunika thandizo", kanani mwaulemu, ndipo muwauze kuti ana onse adzaphunzitsidwa njirayo kafukufuku akatha. Kugawa mongosinthanitsa, uyu uku uyu uko motsata m'mene akhalira pa benchi, si maere, chifukwa ana amakhala ndi anzawo ofanana nawo.

Ena amati azembe vutoli potenga sukulu ziwiri, ina ya pafupi ndi msewu wa tala, ina ya kumapiri cha ku Thekerani. Pamenepo mwayerekeza sukulu ziwiri, simunayerekeze njira ziwiri. Aphunzitsi ndi osiyana, kuchuluka kwa ana m'kalasi n'kosiyana, mtunda umene ana amayenda m'mawa ndi wosiyana. Ngakhale mutayesa ana 200, zimene mwagawa ndi zinthu ziwiri zokha. Ngati mukugawa masukulu kapena midzi, pamafunika yambiri. Kafukufuku wa Dixon Chibanda ndi anzake ku Harare wa Friendship Bench, pulogalamu yothandiza anthu a nkhawa ndi kukhumudwa pokambirana nawo pa benchi, amene anasindikizidwa mu 2016, anagawa mwamaere zipatala zazing'ono 24. Wophunzira wa chaka chomaliza sangakwanitse zimenezo, choncho ndi bwino agawe ana a m'kalasi imodzi n'kulimbana ndi vuto la kuuzana, limene tifikepo.

Munasankha olephera kwambiri, ndipo onse akwera

Chizindikiro ichi chimasangalatsa mtima kwambiri, n'chifukwa chake ndi choopsa. Munapereka mayeso, munatenga ana makumi awiri a pansi penipeni, munawaphunzitsa njira yanu, ndipo pa mayeso achiwiri pafupifupi onse akwera. Musathamangire kulemba lipoti. Ganizirani amene amapezeka pansi pa mndandanda tsiku lililonse. Ena ndi ofookadi. Koma ena tsikulo anali ndi malungo, wina anachedwa chifukwa mtsinje unadzaza, wina anagona pamaliro, wina anangophonya mafunso olosera. Tsoka la tsiku limenelo silibwereranso chimodzimodzi sabata ya mawa, ndiye malikisi awo amabwerera kufupi ndi pamene amakhala masiku onse, inu mutachitapo kanthu kapena ayi. Okhoza kwambiri nawonso amatsikako pang'ono pa chifukwa chomwecho. Francis Galton anaona zimenezi mu 1886 poyeza misinkhu: ana a makolo aatali kwambiri ankakhala aatali ndithu, koma osafika pa makolo awo.

Zimavuta kwambiri pa nkhani za nkhawa ndi kukhumudwa, chifukwa munthu amabwera kudzafuna thandizo pamene zinthu zafika poipitsitsa. Pakapita mwezi ambiri amapezako bwino okha. Njira yokonzera ndi yosavuta: tenganibe a pansiwo ngati ndi amene mukufuna kuthandiza, koma muwagawe pawiri mwamaere. Magulu onse awiri akwera, ndipo chimene mukuyang'ana ndi chakuti lina lakwera kuposa linzake kapena ayi.

Palinso kuzolowera mayeso. Mwana akalemba pepala lomwelo kachiwiri amachita bwino chifukwa waliona kale. Konzani mapepala awiri olimba mofanana, theka la ana liyambe ndi loyamba, theka lina liyambe ndi lachiwiri.

Pakati pa mayeso oyamba ndi achiwiri panachitika chiyani?

Kafukufuku wongoyesa gulu limodzi poyamba ndi pomaliza amatenga dziko ngati laima chilili kudikira inu. Kuno dziko siliima. Aliyense amene anayesa nkhawa za ana mu February 2023 n'kudzayesanso mu April anayesa namondwe wa Freddy, osati pulogalamu yake. Mu March chaka chimenecho masukulu anatsekedwa, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabanja anataya abale ndi nyumba. Chimenecho ndi chachikulu choti aliyense angachione. Zing'onozing'ono ndi zimene zimadutsa osazindikirika: mphunzitsi wa kalasi wasamutsidwa, phala lasiya kuphikidwa milungu iwiri, mayeso a teremu ayandikira ndipo ana onse ayamba kuwerenga usiku.

Nyengo payokha ndi nkhani. January ndi February ndi miyezi ya njala, May ndi June m'nyumba muli chimanga. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anasindikiza zimene anapeza kwa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu, ku India. Alimi omwewo ankachita bwino pa mayeso a kuganiza atakolola n'kulandira ndalama kusiyana ndi asanakolole, pamene matumba anali ouma. Ndiye mukayesa anthu a ku Masambanjati mu February n'kudzawayesanso mu May, musadabwe kupeza kuti akuganiza mofulumira ndipo nkhawa zachepa. Ana aang'ono nawo amakula. Wa Sitandade 1 wa mu October si yemweyo wa mu June.

Ngakhale tsiku limodzi lomwelo lili ndi misampha yake. Lowani m'kalasi ya malata yopanda siling'i mvula ya December ikugwa, muyambe kuwerengera ana mawu oti akumbukire. Okhala kumbuyo akungoona milomo yanu ikugwedezeka. Gulu lina munaliyesa dzulo kunja kuli zii. Kapena gulu loyamba mwaliyesa m'mawa wa chiperoni, ana atapinda manja m'kati mwa malaya, zala zosagwira bwino pensulo, phala asanamwe, pamene lachiwiri mwaliyesa dzuwa litatuluka, makapu atatsuka kale. Kusiyana kumene mupeze n'kwa mimba ndi kuzizira.

Zonsezi zimathetsedwa ndi gulu loyerekezera loyenda limodzi ndi linzake pa chilichonse: sabata imodzi, ola limodzi, zipinda zofanana. Ngati muli nokha ndipo simungayese onse nthawi imodzi, sakanizani. M'mawa yesani theka la gulu ili ndi theka la gulu ilo, masana chimodzimodzi. Ndipo khalani ndi kope lolembamo za tsiku lililonse, mvula, maliro, tsiku la msika, mphunzitsi amene sanabwere. Kope limeneli limadzakupulumutsani pa nthawi yofotokoza manambala achilendo.

Zimatheka mukayesa inuyo, akayesa wina zimakanika

Ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali hatchi yotchedwa Hans imene inkati ikafunsidwa samu inkayankha pogogoda pansi ndi chiboda. Mwini wake, Wilhelm von Osten, sankanama, ankakhulupiriradi. Mu 1907 Oskar Pfungst anaonetsa kuti hatchiyo inkalephera ngati wofunsayo sakudziwa yankho kapena ngati siikumuona. Inkangoyang'ana thupi la munthu: chiboda chikafika pa nambala yolondola, wofunsa ankasintha kaimidwe pang'ono osadziwa, hatchi n'kusiya kugogoda. Mu 1963 Robert Rosenthal ndi Kermit Fode anapatsa ophunzira awo makoswe, ena n'kuwauza kuti awo ndi a mtundu wanzeru, ena kuti awo ndi ogona. Makoswewo anali amodzimodzi, ogawidwa mwamwayi, koma "anzeru" aja anatuluka ndi zotsatira zabwino.

Ngati nyama zimawerenga nkhope ya munthu chonchi, kuli bwanji mwana wa Sitandade 7 amene wakula akuphunzira kuona pankhope ya wamkulu ngati wayankha bwino? Inu mukufunitsitsa njira yanu itheke, digiri yanu ili pomwepo. Mwana wa gulu lanu akazengereza mumamudikira pang'ono, mumamwetulira, mumati "yesanso". Wa gulu linalo mumangopitirira. Pochonga, yankho losamveka bwino la mwana wanu mumalipatsa theka la maliki. Simukuba, koma zotsatira zapindika.

Wophunzitsa njira asakhale woyesa, ndipo woyesa ndi wochonga asadziwe kuti mwana ali gulu liti. Pa mapepala pakhale manambala, osati mayina, ndipo mndandanda wolumikiza nambala ndi gulu usungidwe ndi munthu wina mpaka kuchonga kutatha. Malangizo alembedwe ndipo awerengedwe liwu ndi liwu. Ine ndimakonda kuwajambula pa foni n'kumawaseweretsa pa sipika, kuti gulu lililonse limve mawu amodzimodzi pa liwiro limodzimodzi. Ngati mayankho ndi ofotokoza, anthu awiri achonge payekhapayekha, muone ngati akugwirizana. Othandiza kufunsa mafunso nawonso asagawidwe kuti uyu wa gulu ili, uyo wa gulu ilo, chifukwa ukali kapena kufatsa kwa mmodzi kumasanduka "zotsatira".

Mayankho onse ndi okoma mokayikitsa, kapena oipa mokayikitsa

Munthu amene akufunsidwa mafunso samangokhala, naye amakhala akufufuza: mlendoyu akufuna chiyani, ndimuyankhe bwanji kuti zindiyendere? Martin Orne analemba za zimenezi mu 1962, kuti anthu amayesetsa kukhala "oyesedwa abwino" potsata zimene akuganiza kuti wofufuza akufuna. Kwathu kuno ulemu umawonjezera. Taonani mmene zimakhalira pakhonde. Wofunsa wakhala pa mpando umene amupatsa, mayi akhala pamphasa, apongozi awo ali poteropo akusola nandolo, ana aunjikana.

"Mayi, kodi masiku amenewa mumapezeka mukulira kawirikawiri?"

Mayi aja ayang'ana kwa apongozi, ayang'ana pansi. "Ayi bambo, tili bwinobwino."

Fomu yalembedwa kuti ayi. Khomo lotsatira nkhani yafika kale kuti kwabwera olemba mayina. Kumeneko aliyense sagona tulo, aliyense alibe chilakolako cha chakudya, chifukwa anthu aphunzira kuti kaundula amabwera ndi thandizo, kaya Mtukula Pakhomo kaya feteleza wotsika mtengo. Sindiwaimba mlandu. Munthu amene ali ndi ana oti adye akuchita zanzeru. Udindo ndi wanu wonena momveka, pamaso pa a mfumu komanso kwa munthu aliyense payekha, kuti mayankho sabweretsa thandizo ndipo sachotsa munthu pa thandizo. Funsani pamalo poti ena sakumva. Nkhani za m'banja, amayi afunsidwe ndi amayi anzawo. Musavale malaya a bungwe limene likupereka pulogalamuyo pamene mukufunsa ngati pulogalamuyo ndi yabwino.

Mantha nawo amapinda mayankho. Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo sanaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, pamene anthu ena anaphedwa pongoganiziridwa. Mlendo wofika ndi zipangizo zosadziwika popanda womuperekeza amaika moyo wake pachiswe, ndipo ngakhale zitakhala bata, amene akumuyankha amakhala omangika. Pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, kaya ya kusukulu kwanu kaya ya pansi pa National Commission for Science and Technology, dzerani ku ofesi ya maphunziro kapena ya zaumoyo ya boma, kenako kwa mfumu, ndipo chipangizo chilichonse muchionetse poyera chisanagwire ntchito.

Kungoonedwa kokha kumasinthanso anthu. Dzina lotchuka pa nkhaniyi ndi Hawthorne, fakitale ya Western Electric pafupi ndi Chicago, kumene pakati pa 1924 ndi 1932 ankayesa kuwala ndi nthawi yopuma, ndipo zinkaoneka ngati antchito akulimbikira chifukwa choti akuyang'aniridwa. Steven Levitt ndi John List ataunikanso manambala akalewo mu 2011 anapeza kuti nkhaniyi inakokomezedwa, komabe chenjezo lake ndi lothandiza. Ana a gulu lanu akukumana ndi mlendo wochokera ku yunivesite kawiri pa sabata, alandira kope latsopano ndi bolopeni, pamene anzawo sanalandire kanthu. Mwayesa njira, kapena mwayesa kope ndi chidwi? Gulu loyerekezera lilandire nthawi yofanana, kope lofanana, mlendo yemweyo, kusiyana kukhale pa njira yokha.

Magulu awiri afanana ndendende

Nthawi zina vuto limakhala lotembenuka: njira ndi yabwino koma manambala akuti palibe kusiyana. Kayikirani kuuzana. Ana amakhala mudzi umodzi, pa buleki amafunsana kuti "kwanuko akukuphunzitsani chiyani?" Amayi amakumana pa mjigo, kuchigayo, ku banki m'khonde. Pofika sabata yachitatu gulu loyerekezera likuchita zomwezo. Fupikitsani nthawi pakati pa kuphunzitsa ndi kuyesa, ana a nyumba imodzi muwaike gulu limodzi, ndipo pomaliza mufunse aliyense ngati anamva za njira inayo ndi kwa ndani.

Kukhudzana kwa magulu kumathanso kukulitsa kusiyana monyenga. Chitsanzo chili pafupi, ku Zomba, kumene Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama kwa atsikana m'madera 176 ogawidwa mwamaere. Mu lipoti la 2013 la Baird, Jacobus de Hoop ndi Özler, atsikana a pasukulu olandira ndalama nkhawa zawo zinachepa, koma anzawo a m'madera omwewo amene sanalandire nkhawa zawo zinakwera. Anatha kuona zimenezi chifukwa anali ndi madera ena kumene kunalibe wolandira aliyense. Akanangoyerekeza oyandikana nyumba, phindu likanaoneka lalikulu kuposa mmene linalili.

Munayamba ndi 60, mwatsala ndi 41

Anthu sasowa mwamwayi. Mvula ikayamba ndipo tiyi waphuka, makolo amakhala kumunda wa kampani kuyambira m'bandakucha, ena amapita kukagwira ganyu kutsidya kudzera pa Muloza, ana ena amatumidwa kumsika wa Limbuli kapena kukalera ang'ono awo. Osowawo kawirikawiri ndi osauka kwambiri, odwaladwala, kapena amene njira yanu yawavuta n'kugwa ulesi. Akachoka ofooka m'gulu lanu, avereji imakwera yokha. Lembani manambala a foni awiri ndi dzina la mudzi pa tsiku loyamba, ikani padera ndalama ya kabaza yowatsatira, ndipo pewani kuika mayeso omaliza pa tsiku la msika. Polemba lipoti nenani kuti gulu lililonse lataya angati, muyerekeze malikisi oyamba a otsala ndi a osowa. Mwana amene anagwera gulu lophunzira koma anabwera kawiri kokha awerengedwebe m'gulu lomwelo. Kumuchotsa n'kuphwanya maere aja.

Kodi chida chanu chikuyeza chimene mukuganizacho?

Sikelo yopimira tiyi ikakhala yokhota, imapereka nambala yomweyo nthawi zonse dengu lomwelo likaikidwa, koma nambalayo ndi yabodza. Mafunso nawo amatha kukhala osasinthasintha koma akuyeza china. Mayeso a kukumbukira olembedwa m'Chingerezi amayeza Chingerezi. Mayeso a nzeru a pa tabuleti kwa agogo amene sanagwirepo foni ya tachi amayeza kuzolowera galasi. Mayankho asanu aja oyambira "ndikugwirizana nazo kwambiri" mpaka "sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe" amasokoneza anthu ambiri akamawerengeredwa pakamwa, ndipo amangosankha lomaliza limene amva.

Musamasulire nokha fomu usiku umodzi. Richard Brislin mu 1970 anafotokoza njira imene ambiri amatsata: wina amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone choyambirira abwezere m'Chingerezi, muone pamene zasemphana. Koma zimenezo sizikwanira. Khalani pansi ndi anthu ochepa a m'dera lomwelo, muwawerengere funso lililonse, muwapemphe alinene m'mawu awoawo. Mudzapeza kuti ambiri nkhawa amaifotokoza ndi thupi, mutu kuwawa, mtima kuthamanga, kuganiza kwambiri. Kumbukiraninso kuti m'midzi ina achikulire amamasuka m'Chilomwe. Ngati chilipo chida choyesedwa kale kuno, gwiritsani chimenecho. Mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ, oyezera nkhawa ndi kukhumudwa, anayesedwa m'Chichewa ndi Robert Stewart ndi anzake pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo konkuno, poyerekeza mayankho ake ndi kufufuza kozama kwa akatswiri a matenda a maganizo, ndipo zinasindikizidwa mu 2009. Komabe chida choyesedwa pa amayi oyamwitsa sichinayesedwe pa anyamata a Fomu 2.

Onaninso kulimba kwa mayeso. Onse akapeza 19 kapena 20 pa 20, kapena onse akapeza ziro, kusiyana kulibe poonekera. Kuyeserera pa kalasi ina musanayambe kumaulula zimenezi tsiku limodzi.

Manambala mwawafinya kangati?

Vuto lomaliza limachitikira pa laputopu. Mwayerekeza magulu, palibe kusiyana. Mwayesa atsikana okha, palibe. Anyamata okha, palibe. Mwachotsa ana atatu "osokoneza", mwayang'ana funso lachisanu lokha, basi p, nambala yothandiza kuona ngati kusiyanako kungakhale kwangozi chabe, yatsika pansi pa 0.05, mwapuma. Dziwani kuti malire a 0.05 amalola kuti ngakhale pasakhale kusiyana kwenikweni, kamodzi pa maulendo 20 mupeze chooneka ngati chilipo. Mukayesa zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chitulukire mwangozi ndi pafupifupi 64 pa 100. Gulu likakhala laling'ono, la ana khumi mbali iliyonse, zinthu zimaipiratu: kusiyana kwenikweni simukuona, ndipo kumene mwakuona kumakhala kokokomezeka.

Si vuto la ophunzira okha. Mu 2015 gulu la Open Science Collaboration linabwereza kafukufuku 100 wosindikizidwa m'magazini akuluakulu a psychology. Mwa oyambirirawo 97 ananena kuti apeza kusiyana kodalirika, koma pobwereza ndi pafupifupi 36 pa 100 okha amene anapezanso choncho. Chotetezera n'chotsika mtengo. Musanatole data lembani tsamba limodzi: funso lalikulu ndi liti, muyeza ndi chiyani, anthu angati, ndani adzachotsedwe ndipo pa chifukwa chanji, muwerengera bwanji. Tumizani tsambalo kwa woyang'anira wanu pa imelo kuti deti lioneke. China chilichonse chimene mudzapeze kunja kwa tsambalo mudzachitchule kuti ndi chongotulukira, chofunika kuyesedwanso. Ndipo kupeza kuti palibe kusiyana, pa kafukufuku wokonzedwa bwino, ndi zotsatira zoyenera malikisi onse. Oyang'anira amene amabweza ntchito chifukwa choti p sinatsike ndi amene amaphunzitsa ana kufinya manambala.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, samalani ndi kukula kwa mawu anu. Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan mu 2010 anadandaula kuti anthu 96 pa 100 oyesedwa m'magazini otchuka a psychology amachokera m'mayiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 a dziko lonse. N'chifukwa chake kafukufuku wa ku Chonde ndi wofunika. Koma ifenso tisachite zomwezo: zimene mwapeza kwa ophunzira a kuyunivesite ya MUST ku Ndata si za othyola tiyi, ndipo za sukulu imodzi ya ku Mulanje si za "ana a ku Malawi".

Nanga ngati data mwatola kale?

Zina zimakonzeka. Mapepala angathe kuchongedwanso ndi munthu wosadziwa magulu, mutaphimba mayina. Osowa ena angathe kutsatiridwa sabata ino. Ngati muli ndi malikisi a teremu yatha, onetsani mmene magulu analili musanayambe, ndipo muwagwiritse ntchito powerengera. Zimenezi zimachepetsa vuto la kusankha koma sizilichotsa, chifukwa zimangokonza zimene munayeza. Zimene sizikonzeka, monga magulu osankhidwa ndi a hedi kapena kusowa kwa gulu loyerekezera, zilembeni poyera m'mutu wa lipoti wofotokoza mmene munachitira kafukufuku, ndipo muchepetse chiganizo chanu chomaliza kuti chilingane ndi umboni. M'malo molemba kuti "njirayi imathandiza ana kukumbukira", lembani kuti ana amene anaphunzitsidwa njirayi pasukulu imeneyi anapeza malikisi okwera ndi mwakuti, kuti magulu sanagawidwe mwamaere, ndiponso kuti mayeso omaliza anachitika atakolola. Tchulani mbali imene vuto lililonse likanakankhira zotsatira, kukweza kapena kutsitsa, kuti wobwera pambuyo panu adziwe poyambira. Mukatero bwererani kusukulu kuja, mukawauze aphunzitsi ndi makolo zimene mwapeza m'Chichewa chomveka, ndipo ana a gulu loyerekezera mukawaphunzitse njira ija monga munalonjezera.